Mwana wa a Bampu

Kwathu kuno ku Lirangwe mukafunsa za amake Lozina, anthu akulozerani nyumba ya achemwali anga. Mukafuna ine amene ndinabereka Lozinayo, funsani a Bampu. Ngakhale ana amene sanandionepo ndikuvina amanditchula choncho, ndipo ndimayankha.

Ndinachoka mwana atangosiya kuyamwa. Bambo ake anali a ku Chileka, anabwera kwathu chikamwini, ndipo anali munthu wabwinobwino kufikira tsiku limene anakwera ndege ya anthu a kumigodi. Tinakawaperekeza, tinaima kuseri kwa mpanda wa waya, Lozina ali kumsana. Miyezi yoyamba kunabwera bulangete ndi ketulo. Kenako zii. Obwerako ena ankati awaona ali bwino, ena ankati anasamukira mgodi wina. Ine ndinangodziwa kuti atchona.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kwa amwenye a sitolo ya nsalu pa Lirangwe, kuchapa ndi kulera kamwana kawo. Kutabwera lamulo loti amwenye achoke m'midzi, awa anasankha kupita kwa abale awo ku Lusaka. Adona anandiitana kukhitchini.

"Tiye nafe, mwana wanga anakuzolowera. Wakoyo msiyire mchemwali wako. Chaka chimodzi basi."

Achemwali anga a Fanesi anali atakwatiwa kalekale, koma mwana wawowawo sanamugwirepo m'manja. Anthu ankangowaitana dzina lawo ngati mtsikana, pamene ife ang'ono awo tinali kale amake uje, amake uje. Nditawauza za ulendo anayang'ana mwanayo. Ananyamula Lozina, kumuika pamwendo, n'kuyamba kumuchotsa tizitsotso m'tsitsi.

"Pita," anatero. "Koma chimanga chili m'mundachi udzakolole wekha."

Ku Lusaka tinkakhala ku Kamwala, kumene kuli masitolo a amwenye. Kachipinda kanga kanali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi matumba a makala. Ntchito inali yodziwika: kukolopa, kuchapa, kusinja tsabola ndi adyo mpaka maso kuwawa, ndi kubereka mwana wa eni. Masabata oyamba ndikamubereka mwanayo n'kuyamba kulira, mkaka wanga unkatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi. Ndinkaphimba ndi chitenje kuti adona asaone. Kumapeto kwa mwezi ndinkagula sopo, shuga ndi tinsalu, n'kupatsa dalaivala wa lole amene ankadutsa ku Blantyre kuti akasiye pa Lirangwe.

Tchuthi changa chinali Lamulungu masana. Ndinkangokhala pakreti kuseri kwa nyumba, kuluka zipewa za ana zimene ndinalibe wozivala. Mpanda wathu unali umodzi ndi nyumba ina kumene kunkagwira ntchito Mesi, mtsikana wa ku Chipata, wamtali, wa mbina yake ndithu, woseka mokweza ngati ali pamsika. Tsiku lina anasuzumira pampanda.

"Iwe wa ku Malawi, ulira maningi. Misozi imeneyo uitumiza pa lole nayonso? Samba, tiye ukaone anthu."

Ananditengera ku holo ina ku Matero. Kunja dzuwa lili phwee, koma m'mazenera anali atapachikamo masaka kuti mukhale kamdima. Anyamata a tsitsi lotukumuka, chipeso chitabayidwa pamutu, mathalauzi otambalala kumapazi ngati akusesa. Atsikana nawonso mathalauzi. Ine ndinaima pakhomo ndi chitenje changa, manja kumbuyo, ngati ndabwera kudzafunsa njira.

Magule ndinkawadziwa. Makolo athu anabwera ndi tchopa kuchokera ku Mozambiki, ndipo ndinakulira m'fumbi lake. Koma zimene ndinamva mmenemo zinali zina. Panali nyimbo zimene ankati sowulu. Izo zinkayamba pang'onopang'ono, limba likulira ngati m'tchalitchi, ndiye mwamuna n'kuyamba kudandaula ngati mkazi wake wamanga kale katundu ali pakhomo. Chingerezi changa n'cha sitandade faifi, mawu ambiri ankandidutsa, koma munthu akamapempha kuti usapite safuna womasulira. Ine amene palibe anandipemphapo choncho ndinkamvera pakamwa pali yasa.

Ndiye panali fanki. Imeneyo siipempha. Gitala wamkulu uja, wa besi, sumumva ndi makutu, amalowa m'mimba. Gitala wamng'ono samuimbitsa, amangomupala ngati munthu akupala nsomba. Malipenga amabaya kamodzi n'kusiya, ngati basi ikuchenjeza wa njinga. Woimba naye saimba kwenikweni, amakuwa ngati kapitawo, kenako n'kubuula, kenako n'kuseka. Ukamva koyamba umati aliyense akupanga zake. Koma onsewo amakakumana pamalo amodzi, pansi, gu! n'kubalalikanso, n'kudzakumananso pomwepo.

"Usamvere wokuwayo, ngwamisala," Mesi anandiuza m'khutu. "Mvera wa besi. Akaponda, nawe ponda."

Ndinaponda. Basi, nkhani yonse inayambira pamenepo.

Magule kumeneko ankasintha ngati mtengo wa tomato. Unabwera wina wokupiza zigongono ngati nkhuku yothiridwa madzi. Unabwera wina wouma thupi ngati chidole, umene Mesi ankati ndi wa anthu odwala nyamakazi. Wina tinkandanda pamzere holo yonse, kutsogolo, kumbuyo, kuwomba m'manja, kutembenuka pamodzi. Onsewo ndinawaphunzira, chifukwa ine chinthu ndikachiona kawiri ndimachigwira. Koma utafika bampu ndinadziwa kuti wanga ndi umenewu.

Bampu suvina wekha. Mumaima awiri moyandikana, manja m'mwamba, mumatalikirana pang'ono, ndiye besi akaponda ziuno zanu zimakumana. Osati kugundana ngati mbuzi, ayi, kungokhudzana. Kenako mbali inayo, kenako chakumbuyo, kenako mumatsika pang'onopang'ono mpaka mawondo atatsala pang'ono kufika pansi, mukukumanabe. N'chimodzimodzi kusinja awiri mumtondo umodzi. Ukafulumira kapena ukachedwa mupwetekana, koma mukamvana simuyang'anana n'komwe. Tsiku loyamba Mesi anandiponyera pa mabenchi ndi mbina yake ija, holo yonse kuseka.

"Idya, iwe! Ndivina bwanji ndi nkhuni?"

Patapita miyezi, ife tikalowa pakati anthu ankatipatsa malo. Mesi anandibwereka thalauzi, kenako ndinagula langa, la mtundu wa lalanje. Kwathu lamulo linali litaletsa kale akazi kuvala thalauzi, ndiye ngakhale ku Lusaka komweko ndinkalikulunga ndi chitenje mpaka pakhomo pa holo.

Chimanga chija anakolola okha achemwali. Chotsatira chakenso. Adona ankafunsa ndithu, "Chaka chino upita kwanu?" Ine ndinkati mwanayu ayambe wayenda. Atayenda ndinati ayambe wayankhula bwino. Ndinkatinso kwathu ndikadya chiyani, sopo azichokera kuti. Zifukwa zonsezo zinali zoona, palibe chabodza. Koma Lamulungu masana ine sindinali mkazi wosiyidwa, sindinali wantchito wa munthu, ndipo Mulungu andikhululukire, sindinali mayi. Ndinkaiwala. Osati tsiku lonse, koma nyimbo imodzi yathunthu. Ndipo nyimbo za fanki n'zazitali.

Chaka china abwana anaitanitsa Che Amidu kuti adzasoke zovala za ukwati wa m'bale wawo. Che Amidu ndi telala amene ankasoka pakhonde pa sitolo ija ku Lirangwe, munthu wopemphera, wa chisoti choyera, koma wokonda nkhani. Anafika Loweruka. Nditawapatsa tiyi anandiuza kuti Lozina anadwala chikuku nthawi yozizira, ndipo anthu anali atataya mtima. Achemwali anamubereka wapansi mpaka kuchipatala, n'kumagona pasimenti pambali pake.

"Koma wachira, musadandaule. Akuthamanga. Diso lokha ndilo limafiira kukakhala fumbi."

Ndinalira tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinachapa, ndinaphika, ndipo masana Mesi ataimba mluzu pampanda ndinavala thalauzi langa. Ndinadziuza kuti mwana wachira kale, kukhala pakreti sikusintha kanthu.

Pageti tinakumana ndi Che Amidu. Mphepo inakweza chitenje.

"Amake Lozina, taimani. Chimenecho anasoka ndani?"

Ananjuta pansi n'kuyamba kuyeza mpendero wa thalauzi ndi chikhatho, akupukusa mutu.

"Nsalu yonseyi mwendo umodzi? Apa patuluka diresi la mwana!"

Anatitsatira mpaka ku holo, akuti akaone masokedwe. Sanalowe, anaima pakhomo chisoti chili m'manja. Ine ndinati ndivina pang'ono chabe, koma anyamata oimba anayamba nyimbo imene ine ndi Mesi tinkaikonda, ndipo ndinaiwala kuti pakhomo pali munthu wa kwathu. Potuluka ndinawapeza akuseka okha.

"Che Amidu, chonde, musakanene."

"Ine? Pakamwa pa telala pamakhala mapini, mayi."

Mapini amachotsa akamaliza kusoka. Sanachite mwankhanza, zimenezo ndinadzamva bwino pambuyo pake. Ankanena monyadira kuti mwana wa pa Lirangwe wagonjetsa Lusaka. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankamuonetsa, iwo manja m'mwamba, akugunda makina osokera ndi chiuno. Koma nkhani ikachoka pakhonde pa telala imakafika pachitsime itavala zina. Kumeneko inali yoti mwana ali pafupi kufa amake anali m'thalauzi, akugundana ziuno ndi anthu m'maholo.

Sindinganene kuti ndinabwerera chifukwa cha mwana. Ntchito ndiyo inatha. Kamwana ndinkalera kaja kanayamba sukulu, adona anati zikomo, anandipatsa sutikesi. Thalauzi ndinamusiyira Mesi pampanda pomwe tinadziwirana.

"Silindikwana, iwe."

"Udzapatse amene uzivina naye."

"Ndivinanso ndi ndani? Ndinakudyetsa ndekha mpaka unafika pabwino." Anaseka, kenako anatembenuka msanga n'kulowa m'khitchini.

Basi inanditsitsa pa Lirangwe masana. Sitolo ija inali yotseka, koma Che Amidu anali pakhonde pomwepo. Atandiona anaimirira.

"A Bampu afika! A Bamputu awo!"

Anthu pamsika anatembenuka. Ngakhale achinyamata ofunsa makhadi a chipani pachipata anandisekerera asanafunse khadi. Ine dzinalo ndinali kulimva koyamba.

Nditafika pakhomo mayi wina woyandikana nafe anakuwa, "Amake Lozina, alendo!" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Kuseri kwa nyumba kunamveka mawu a achemwali, "Ee, ndikubwera!"

Anali ataonda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wanenepa," anatero. "Lozina! Bwera, amayi ako afika."

Ndinasiya mwana wakumsana, ndinapeza mtsikana wa magweru, miyendo yaitali ngati bambo ake. Anabwera ndi madzi m'kapu, n'kugwada chapatali monga ana amagwadira alendo, maso pansi.

"Muli bwanji, amayi aang'ono?"

Ndinatambasula manja. Iye anaikamo kapu.

Ine ndine munthu wodikira. Ndinafolera kanyumba kanga kakale pafupi ndi achemwali, ndinatenga khasu, ndinayamba kulima. Lozina ankabwera akatumidwa. Ankagwada, kupereka chimene watumidwa, kudzuka, kupita. Madiresi amene ndinamubweretsera ankawavala pakhomo pokha, kusukulu ayi. Ndikafuna kumukonza kolala ankapendeka pang'ono, dzanja langa n'kugwira mphepo. Mwano analibe. Mwano ukanakhala bwino.

Chifukwa chake ndinachiona ndi maso tsiku lina ndikuchokera kumunda ndi achemwali. Lozina ankachokera kuchitsime, ndowa pamutu. Ana anzake anamuzungulira, mmodzi uku wina uku, manja m'mwamba, akuimba, "Mwana wa a Bampu! Mwana wa a Bampu!" Wina anamugunda ndi chiuno, ndowa pansi, madzi onse m'fumbi. Lozina sanalire. Anatola ndowa, anaipukuta ndi dzanja, n'kubwerera kuchitsime.

Ndinaponya khasu kuti ndithamange. Achemwali anandigwira mkono.

"Usapite. Akakuona iwe awonjeza. Wazolowera."

"Achemwali, bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze kuti? Ku holo?"

Tinayenda mpaka pakhomo. Akutsamiritsa khasu pankhokwe anati, "Ine sindikana kuti ndi wako. Sindinamubisirepo. Akalola, mtenge."

Nthawi yokolola itadutsa kunali ukwati ku Chileka, kwa achibale a bambo ake a Lozina, ndipo tinapita tonse atatu. Anabwereka gumbagumba ya mabatire. Apo m'pamene ndinaona kuti bampu anali atafika kwathu, wayilesi inali itamubweretsa. Anyamata ndi atsikana ankagundana ngati ng'ombe pa dibi, osamvera besi n'komwe. Kenako anaika mbale ina, ndipo ndinaizindikira isanathe mpweya umodzi. Inali ija ya ine ndi Mesi. Zala za kumapazi zinayamba zokha m'fumbi.

"Mwini wake alipo!" anakuwa bambo wina. "A Bampu alowe! Atiphunzitse za ku Lusaka!"

Amayi omwe aja ankandinena pachitsime ndiwo anayamba kuwomba m'manja ndi kululutira. Sindinama, thupi lonse linkafuna. Ndinali nditagwira kale mfundo ya chitenje kuti ndimange bwino. Ndiye ndinaona Lozina. Anali kuseri kwa achemwali, atagwira nsalu yawo, diso limodzi lofiira ndi fumbi, akundiyang'ana ine osaphethira.

"Mwendo ukupweteka," ndinatero.

Anandikoka, ndinakana. Ndinakhalira manja anga pamkeka mpaka nyimbo inatha. Sindinadziwe kuti nyimbo imeneyo ndi yaitali choncho.

Patapita masiku angapo achemwali anaitanidwa kubwalo la sukulu ndi amayi ena, kukaphunzira magule ovinira akuluakulu a chipani. Anasiya atamuuza Lozina kuti andithandize kupeta, ine ndikukonola chimanga. Tinagwira ntchito nthawi ndithu, munsi ukulira. Kenako mwana anafunsa, maso ali m'lichero.

"Mwendo wapola?"

"Sunkapweteka."

"Ndiye munanama."

"Ndinanama."

"Chifukwa?"

"Ndinaona iwe."

Anapeta, anapeta. Gaga anamugwera m'tsitsi.

"Kodi bampu n'kutukwana?"

"Ayi. Ndi gule basi."

"Nanga bwanji amandigwetsera madzi?"

"Sadziwa kuvina. Bampu weniweni sugwetsa mnzako. Ukamugwetsa, walephera ndiwe."

Anaganiza kaye. Kenako anakweza maso, koyamba chibwerere ine.

"Amati ku Lusaka munakhalira umenewo."

Ndikanatha kunena za sopo ndi shuga. Zinali pakamwa kale. Koma mwana amene watola ndowa yake m'fumbi kambirimbiri chifukwa cha ine sanayenere kupatsidwa theka.

"Ndinakhalira ntchito," ndinatero. "Komanso gule."

"Ngokoma choncho?"

"Ngokoma."

"Kuposa kuno?"

Mpaka lero ndilibe yankho loti ndinganene mutu uli m'mwamba. Ndinangogwira munsi. Iye anaika lichero pansi, anapukuta manja padiresi.

"Tandionetsani."

Ndinaima pambali pake, koma chiuno changa chinali pa phewa lake. Ndiye ndinagwada. Ine amene mwanayu ankandigwadira tsiku ndi tsiku ngati mlendo ndinagwada m'gaga kuti tilingane.

"Manja m'mwamba. Usayang'ane ine. Mvera apa." Ndinayamba besi ndi pakamwa, du, du-du, gu. "Pa gu pamenepo."

Koyamba anachedwa. Kenako anafulumira. Kenako kafupa ka m'chiuno mwake kanandikhudza pamalo pake penipeni, pang'ono chabe, n'kuchoka, n'kubweranso. Chichokere ine ali wakumsana, aka kanali koyamba thupi la mwana wanga kundikhudza iye atafuna yekha. Besi wanga sindinamusiye, ndinaopa kuti ndikasiya achoka. Anayamba kukondwa, anaonjeza mphamvu, ndipo anandigunda mpaka ndinagwera chammbali pafupi ndi mtondo.

"Ndalephera ndine!" anakuwa, akuseka ndi magweru ake onse. Anandigwira dzanja kuti andidzutse.

Achemwali anali ataima pampanda, nsalu ya chipani ili m'chiuno. Kaya anafika nthawi yanji. Lozina anawathamangira.

"Amayi, amayi, taonani! Amayi aang'ono andiphunzitsa, sugwetsa mnzako!"

Achemwali anamusisita m'mutu, akuchotsa gaga m'tsitsi monga anachitira tsiku lija ndinawauza za ulendo. Anandiyang'ana ine ndili chigwadire.

"Nkhuku zikudya mphale," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Iwo anamubereka wapansi kupita kuchipatala. Anagona pasimenti. Anamutsuka diso m'mawa uliwonse. Ine ndinabwera ndi gule yemweyo amene anandisunga kutali, ndipo masana amodzi mwana anandigwira dzanja. Ndikaganiza zimenezi sindidziwa poika nkhope.

Sabata isanathe, ndikusesa pakhomo m'mawa, ndinaona achemwali akubwera ndi bulangete lija bambo ake a Lozina anatumiza, atalipinda bwinobwino.

"Lozina akuti masiku ena azigona kuno," anatero, akuyang'ana kumbali.

Ndinagwira bulangete. Iwo sanalisiye. Tinaima choncho, wina mbali iyi wina mbali iyo, tsache lili pansi. Ndinaona kuti zala zawo zalimba pansalu, ndipo ndinadziwa chimene ankaopa kuti chipita pamodzi ndi bulangetelo.

"Zikomo, amake Lozina," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula manja.